Zikhadabo Zofiira za Amayi

Amayi anga sanasiye chithunzi. Anthu amadabwa ndikanena zimenezi, ngati kuti aliyense anabadwira m'nyumba ya mafelemu pakhoma. Ife tinabwerera ku Zobwe kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndili kumsana, ndipo chimene amayi anasenza pamutu ndi mapoto ndi lona la kukampu ya othawa nkhondo. Kankhope kawo kokha kanali pa khadi lovotera. Chaka china denga linadontha, madzi analowa m'pulasitiki, nkhope ija inasungunuka n'kusanduka banga ngati la tiyi.

Atamwalira ndinayamba kuwaiwala. Mawu ayi, mawu awo amandikalipirabe mpaka lero ndikasiya khasu pamvula. Nkhope ndiyo inayamba kuthawa. Ndikatsinzina ndimaona duku, ndimaona khosi, koma pakati pake pamakhala mbuu. Ndinkayang'ana azimayi kutchalitchi, kubwereka mphuno ya uyu ndi chipumi cha uyo, koma sizinkalumikizana. Palibe amene anandichenjeza kuti munthu ukhoza kuiwala nkhope ya amene anakubereka, ndipo ndinakwiya nazo kwambiri.

Komabe panali malo amodzi pamene amayi anajambulidwa. Ndifotokoze.

Chilimwe cha amayi chomaliza, titangotha kukumba kachewere, akatekisiti analengeza kuti kupostu, kachipatala kathu kaja, kukubwera anthu a ku univesidade, sukulu ya ukachenjede. Anati ali ndi makina atsopano oyezera kuchepa kwa magazi ndi kuwala, ndipo adzajambula zala za aliyense wofuna. Tisanatuluke n'komwe m'tchalitchi, nkhani inali itasanduka ya anamapopa. Ena anati bokosi la makinawo limayamwa magazi kudzera m'zikhadabo n'kupita nawo kunja. Amayi anangoseka.

"Anandipopa kale udzudzu wa kukampu," anatero. "Awa apezamo chiyani?"

Nthawi imeneyo n'kuti nditasiya sukulu. Ndinkaphunzira ku Moatize, ndikukhala kwa azakhali ku bairo la 25 de Setembro, dera lina la m'tauniyo, ndipo ndinafika kalasi ya khumi. Kenako amayi anayamba kupuma panjira pochokera kudimba, pakamtunda kamene kale ankakwera atasenza thumba. Mchimwene wanga anali atapita kokafuna ntchito kumigodi, ndipo kumeneko anthu amaiwala njira yakwawo. Wotsala ndinali ine. Ndinalongedza mabuku n'kukwera phiri. Nkhani ya sukulu yathera pamenepo, musandifunsenso.

M'mawa wa tsiku loyezalo amayi anasamba nthawi yaitali. Anavala kapulana, chitenje chawo cha pa Pasaka. Kenako anakhala pakhonde n'kuyamba kuyang'ana manja awo. Anali manja a munthu wokumba kachewere: ming'alu yakuda imene sopo saifika, zikhadabo zosweka m'mphepete. Anawakwecha ndi mwala wa kumapazi mpaka khungu linatuwa. Atatero anamasula mfundo ya pakona ya kapulana, n'kutulutsa kabotolo ka veriniji, utoto wofiira wopaka zikhadabo, kamene anagula kwa azimayi ogulitsa pamsika wa pamalire. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawaone atapaka chilichonse kupatula mafuta.

"Amayi, zimenezo n'za chiyani?"

"Si akuti akujambula zala?"

"Akufuna magazi, osati kukongola."

"Magaziwo ali m'zala za yani? Ukufuna anthu a ku univesidade akaone manja anga ngati a mfuko, akawaonetse azungu?"

"Bweretsani ndikupakeni, ndiye."

"Choka apa. Ndinakubereka ndekha m'lona, ndilephere izi?"

Anapaka okha, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Utoto unasefukira pakhungu. Anayenda ulendo wonse wopita kupostu zala zili tambalale kuti fumbi lisamatirire, ndipo aliyense amene tinakumana naye anamupatsa moni wa pakamwa pokha.

Kwathu ndi mmene timachitira. Munthu sapita kukajambulidwa mmene alili. Ngakhale mwana wopita kusikelo amamudzoza mafuta mpaka kunyezimira. Amayi anamva bwinobwino kuti akujambula zala, ndiye anakonza zalazo.

Makina aja anali bokosi lakuda, lalikulu ngati la nsapato, lokhala ndi pakamwa polowetsa dzanja. Chingwe chake chinkapita ku kompyuta. Wolamulira zonse anali mtsikana wa mandala wochokera ku Nyungwe, amene sanandipose kwambiri msinkhu. Chinyanja chake chinkatsetserekera ku Chinyungwe. Anthu ankamutchula kuti adotora, iye n'kumakana kuti sanafikebe pamenepo, ntchito imeneyi ndiyo idzamufikitsa. Ine ndimutchulabe adotora chifukwa dzina lina ndilibe.

Anatifotokozera tonse pamzere. M'bokosimo mumayaka kuwala kwa mitundumitundu, wina pambuyo pa unzake, ndipo kamera imajambula zikhadabo pa kuwala kulikonse. Pansi pa chikhadabo magazi amaonekera. Akakhala ochuluka amameza kuwala kwina, akakhala ochepa amakubweza. Ananenanso poyera kuti makinawo sanayambe kukhulupirika, akuwaphunzitsa kumene. N'chifukwa chake aliyense ankabayidwabe chala, kuti ayerekeze zimene bokosi lanena ndi zimene magazi enieni anena.

Amayi atafika anaika manja onse awiri patebulo monga munthu woonetsa nsalu yatsopano. Adotora anayang'ana, anavula mandala, anavalanso.

"Mayi, mwatchenatu."

"Ndatchenera inu. Mwachokera kutali."

Adotora anatenga thonje, analinyowetsa ndi mankhwala opukutira pobaya, n'kuyesa kupukuta chikhadabo chimodzi. Utoto sunasunthe. Amayi anabweza dzanja msanga.

"Mukuchotsa? Nanga mujambula chiyani?"

Ndinaona adotora akuluma mlomo kuti asaseke. Sanakangane nawo. Anagwira dzanja la amayi mwaulemu n'kulilowetsa m'bokosi. M'mphepete mwa pakamwa paja munathwanima kobiriwira, kenako kwachikasu, kenako kofiira, kenako mdima pang'ono, bokosi likulirabe. Atatha anauza mnzawo m'Chipwitikizi kuti chithunzi chimenechi achiike pamodzi ndi zowonongeka. Ine ndinamva. Amayi sanamve, ndipo panalibe chifukwa chowauzira.

"Ndione," anatero amayi.

Adotora anawatembenuzira kompyuta. Amayi anayang'ana nthawi yaitali mpaka a pamzere anayamba kung'ung'udza.

"Zangadi zimenezi? Zikukhala ngati za aphunzitsi. Mudzanditumizira chimodzi?"

"Zithunzi zimenezi sizituluka, mayi. Ndi lamulo lathu."

"Basi, zisungeni bwino."

Pamene ankawabaya chala, ine ndinafunsa chimene chinkandivuta. Ndinati n'chifukwa chiyani ayamba ndi kobiriwira pamene magazi ndi ofiira. Adotora anati magazi amaoneka ofiira chifukwa amameza kobiriwira n'kubweza kofiira, ndiye ukafuna kudziwa kuchuluka kwake umaona mmene kobiriwira kwachepera pobwerera. Ndinafunsanso za mdima uja wa kumapeto. Anati sunali mdima, kunali kuwala kumene maso a munthu saona koma kamera imaona. Mutu umenewu ndi umene tinali titangouyamba m'kalasi ya fizika mwezi umene ndinachoka. Tsamba lotsatira sindinalione.

"Ukuphunzira kuti, mana?" anandifunsa, kunditchula ngati mchemwali wawo.

"Ndinasiya."

"Chifukwa chiyani?"

"Kachewere sadzikumba yekha."

Magazi a amayi anapezeka ochepa. Anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti akaonane ndi achipatala chachikulu. Anamwa mapiritsiwo, tinapitanso kuchipatalako, koma matenda anali pansi kuposa magazi. Anamwalira dzinja lotsatira, chimanga chili m'mawondo. Sindiimba mlandu bokosi lija. Silinalonjeze kuchiritsa munthu. Ndimangoti dziko ili ndi lodabwitsa: anthu akutha kuwerenga magazi kudutsa chikhadabo, koma mwana sangapeze nkhope ya amayi ake.

Patapita miyezi, azakhali anatumiza uthenga woti anthu a bokosi aja ali ku Moatize, akumalizitsa ntchito yawo. Ankayeza mabanja a ku Malabwe ndi ena okhala pafupi ndi mgodi, ndipo anachita lendi nyumba ina kuseri kwa msika. Sindinaganize kawiri. Ndinasiyira mnansi mbuzi n'kukwera shapa, minibasi ya kwathu kuno.

Msewu wochokera ku Zobwe umangotsika. Umachoka kozizira, kwa nkhungu ndi minda ya kabichi, n'kumalowa m'ng'anjo pang'onopang'ono. Mitengo imafupika, milambe imayamba, malole a makala a pansi amakudutsa akukuthira fumbi lakuda m'mano. Shapa inaima pafupi ndi sukulu yanga yakale nthawi yoweruka. Atsikana ovala yunifolomu ankagula madzi oundana pageti, akukankhana. Ndinayang'ana mbali ina mpaka tinanyamuka.

Adotora ndinawapeza ali okha m'chipinda chodzaza makatoni. Anali ataonda. Sanandizindikire.

"Muli tani? Kuyeza tinatseka, mana."

"Sindinabwerere kuyezedwa. Ndine mwana wa amayi a ku Zobwe amene anapaka zikhadabo."

Nkhope yawo inamasuka. "Amayi otchena aja. Timawakumbukira mpaka lero. Ali bwanji?"

"Tinaika m'dzinja."

Anachotsa katoni pampando kuti ndikhale, koma ine sindinakhale.

"Ndikufuna chithunzi chija. Chawo china palibe."

"Ndi zala zokhatu. Nkhope sitijambula."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Anayamba kundifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira anthu ophunzira akafuna kukukaniza. Zithunzi zilibe mayina, zili ndi manambala okha. Aliyense amene analowetsa dzanja m'bokosi analonjezedwa kuti chithunzi chake sichidzaperekedwa kwa munthu wina. Lamulolo si lawo, ndi la akuluakulu oyang'anira kafukufuku, ndipo lilipo pofuna kuteteza anthu.

"Mukuwateteza kwa yani?" ndinafunsa. "Kwa ine?"

"Lamulo silisankha, mana."

"Mwiniwake anakupemphani yekha, ine ndili pomwepo. Munawakaniza. Anakuuzani kuti musunge bwino. Mwasunga?"

Apa anayang'ana pansi. Anati zithunzi zabwino zikupita ku univesidade, koma zowonongeka sizili m'kafukufuku, ndipo ntchito ikatsekedwa zifufutidwa.

"Ndiye chimene ndikupempha ine ndi zinyalala zanu."

Kunja kunadutsa lole, mawindo ananjenjemera. Kenako anakoka kompyuta, anaitsegula, nandiuza kuti ndikhale pansi chifukwa akutopa kundiyang'ana m'mwamba.

Zowonongeka zinali zambiri. Manja a ana amene anagwedezeka, ooneka ngati utsi. Manja a amuna a ku Moatize, fumbi la makala litalowa pansi pa zikhadabo moti kuwala sikunadutse. Dzanja lina lopanda zala ziwiri, la munthu amene mwina anaponda kapena kutola chimene nkhondo inasiya m'munda. Adotora ankadutsa msanga. Ine ndinkaopa kuti mwina anafufuta kale.

Kenako zofiira zija zinatulukira.

Zala zinayi, chala chachikulu chinatsala kunja kwa bokosi. Utoto utasefukira pakhungu monga ndinkakumbukira. Pachala cholozera panali chipsera cha chikwakwa chimene anadzitema nacho akumweta udzu wofolera nyumba yathu yoyamba titabwerera. Kachala kakang'ono kanali kopindika, kotalikirana ndi anzake, monga ankakaimikira akamamwa tiyi. Kumunsi, m'mphepete mwa chithunzi, kunkaoneka kansonga ka kapulana ya pa Pasaka. Sindinalire. Ndinaika manja anga pansi pa ntchafu kuti ndisagwire galasi la anthu.

"Pali zinanso," anatero adotora motsitsa mawu. "Dzanja lomweli, kuwala kosiyana."

Pa kuwala kobiriwira zikhadabo zinali zakuda bii, ngati za munthu wina. Ndinawauza kuti apitirire. Chomaliza chinali cha kuwala kuja kosaoneka ndi maso. Pamenepo veriniji panalibe. Kuwala kumeneko kumadutsa utoto ngati madzi. Zikhadabo za amayi zinali pamtunda, zosweka, za mizeremizere, ndipo pansi pa khungu mitsempha inkaoneka ikuyenda ngati tinjira ta kudimba. Amenewo ndiwo manja amene ndinkawadziwa, amene ankandigwira pachipumi ndikatentha thupi, amene ankandikwapula ndikachedwa kumjigo. Zonse zimene anakwecha ndi kubisa m'mawa uja bokosi linaziona.

"Ndikupatsa chimodzi," anatero adotora. "Papepala, osati pafoni. Ndikalembera akuluakulu kuti ndapereka kwa mwana wa malemu. Akakandikalipira, akandikalipire. Usankhe."

Ndinkafuna chopanda utoto. Ndikunena zoona, ndinkachifuna kwambiri, ndipo mpaka lero ndimachiganizira. Koma amayi sanayende ulendo uja zala zili tambalale kuti anthu adzaone ming'alu. Akanamva kuti ndapachika chimenecho pakhoma, akanandizukira.

"Chofiira."

Makina osindikizira anali pansi pa tebulo. Analira, anakoka pepala, analilavula. Dzanja linatuluka bwinobwino, chipsera ndi kachala kopindika zonse zilipo, koma zikhadabo zinali zotuwa ngati phulusa. Makinawo ankadziwa inki yakuda yokha.

Adotora anagwira pakamwa. Anati m'tauni muli malo osindikiza zamitundu, koma sangatulutse chithunzicho m'kompyuta kupita nacho kumeneko, pamenepo ndiye lamulo alithyola lonse. Ndinaseka, kuseka koipa. Anthu a mitundu yonse ya kuwala, mpaka kuwala kosaoneka, analibe kofiira kondipatsa.

"Palibe kanthu," ndinatero. Ndinalowetsa pepalalo pakati pa makatoni awiri opyapyala amene anandidulira.

Ndili pakhomo anandiitana. "Mana, funso lako lija la kobiriwira, ophunzira anga ena salifunsa. Kuno kuli makalasi a madzulo. Ukanabwerera."

"Ndinabwerera pepala," ndinayankha. Sindinafune kuti aone nkhope yanga. Komabe mu shapa, pokwera phiri, ndinadzipeza ndikuyang'ana zikhadabo zanga padzuwa, ndikuzifinya kuti ziyere n'kuzisiya kuti magazi abwerere.

Kunyumba ndinatsegula chitini chimene amayi ankasungamo korona ndi singano. Kabotolo kaja kanali momwemo. Sanapakenso chichokere tsiku lija. Chivindikiro chinali chitamatirira, ndinachitsegula ndi mano. Pamwamba utoto unali utauma gwa, kaburashi katasanduka kamtengo. Ndinaviika botololo m'madzi otentha, ndipo pansi penipeni panafewa pang'ono. Ndinatola kaudzu kouma, ndinakhala pakhonde pomwe anakhala iwo, dzuwa la masana likuwomba papepala, n'kuyamba kupaka.

Ndinatsata mmene anapakira okha. Pamene anasefukira, inenso ndinasefukira. Sindinawakonzere. Chala cholozera chinatheka, chapakati chinatheka, chachitatu ndinachita kukanda m'makona a botolo. Pofika pa kachala kopindika, kaudzu kanatuluka kouma.

Pepalalo lili pakhoma, m'pulasitiki ziwiri, kutali ndi podontha. Mchimwene wanga atabwera pa mwambo wokumbukira amayi patatha chaka analiyang'ana n'kufunsa kuti dzanja limeneli ndi la yani. Nkhope ya amayi sinabwerere, ndisaname. Koma masiku ena ndikayang'ana kachala kaja ndimaona kapu ya tiyi, kenako mlomo ukuuzira, ndipo pang'ono pokha ndimatsala kufika m'maso.

Azakhali anandibweretsera botolo latsopano kuchokera ku Moatize kuti ndimalize kachala kotsalako. Ndinaliyerekeza padzuwa ndi zala zitatu zija. Kufiira kwake n'kwina. Ndinawabwezera.